Msambo, lupu ndi kaphunzitsidwe ka atsikana a ulumali wa ubongo: zimene kafukufuku wapeza

M'chaka cha 2000, khoti la apilo la ku England linaweruza nkhani ya mayi wina wa zaka 29 amene m'mabuku a khoti anangotchulidwa ndi chilembo S. Mayiyu anali ndi ulumali waukulu wa ubongo, ankasautsidwa kwambiri ndi msambo mwezi uliwonse, ndiponso ankaopa chipatala. Amayi ake omubereka, poona kuti mphamvu zawo zikutha ndipo tsiku lina mwana wawo adzapita kumalo osungirako anthu kumene angadzapatsidwe pathupi, anapempha khoti kuti lilole madokotala kumuchotsa chiberekero. Woweruza woyamba anavomera, koma khoti la apilo, motsogozedwa ndi Dame Elizabeth Butler-Sloss, linasintha chigamulocho ndi kunena kuti ayambe ayesa lupu ya mahomoni yotchedwa Mirena, pakuti lupu ingathe kuchotsedwa ikapanda kuthandiza, pamene chiberekero chikachotsedwa sichibwereranso.

Chigamulochi chikusonyeza mmene kachipangizo kakang'ono ka pulasitiki kanasinthira mkangano wakale wokhudza matupi a amayi ndi atsikana a ulumali. Komabe pa nkhani yomweyi pali gulu lina la ofufuza limene silimveka kawirikawiri m'makhoti ndi m'zipatala, ndilo la akatswiri a kaphunzitsidwe ka ana ofunika chithandizo chapadera. Madokotala amafunsa kuti msambo ungachepetsedwe bwanji ndipo pathupi pangapewedwe bwanji, pamene aphunzitsi amafunsa kuti mtsikanayo angaphunzitsidwe bwanji kudzisamalira ndi kunena yekha zimene akufuna. Magulu awiriwa amalemba m'magazini osiyana ndipo amayeza zotsatira zawo mosiyana, koma kholo limene mwana wake wa ulumali wangotha msinkhu limafunikira mayankho a onse awiri pa nthawi imodzi.

Chifukwa chimene makhoti amachenjerera pa nkhaniyi chili m'mbiri yowawa. Mu 1927, Khoti Lalikulu la ku America, pa mlandu wa Buck ndi Bell, linaloleza boma la Virginia kutseka mokakamiza, kuti asabereke, anthu amene linkawaona ngati opereŵera nzeru, ndipo m'dzikolo anthu oposa 60,000 anatsekedwa motsatira malamulo otere. Ku Sweden anthu pafupifupi 63,000 anatsekedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1930 kufikira 1975, ambiri a iwo akazi. Ku Japan lamulo lofanana ndi limeneli linagwira ntchito kuyambira 1948 mpaka 1996, ndipo ndi mu 2024 momwe Khoti Lalikulu la dzikolo linanena kuti lamulolo linali losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Malamulowa atatha, mchitidwewo unapitirira m'dzina la ukhondo, pakuti makolo ndi oyang'anira malo osungirako anthu ankapempha kuti atsikana achotsedwe chiberekero ponena kuti sangathe kudzisamalira akamasamba. Makhoti anayamba kuletsa zimenezi pang'onopang'ono: la ku Canada, pa mlandu wa Eve mu 1986, linakana kuti munthu atsekedwe popanda chilolezo chake pamene sakudwala, ndipo la ku Australia, pa mlandu wa Marion mu 1992, linagamula kuti makolo paokha alibe mphamvu yololeza opaleshoni yotere popanda khoti.

Lupu nayo ili ndi mbiri yake, imene ili ndi mbali zabwino ndi zoipa zomwe. Ernst Gräfenberg wa ku Germany ankaika timphete tasiliva m'chiberekero m'zaka za m'ma 1920, ndipo Jack Lippes wa ku Buffalo ku America anapanga lupu ya pulasitiki yopindikapindika imene inafala kwambiri m'zaka za m'ma 1960. Chakumapeto kwa zaka zomwezo, Jaime Zipper wa ku Chile anasonyeza kuti mkuwa umalepheretsa kutenga pathupi, ndipo Howard Tatum anapanga kachipangizo kooneka ngati chilembo T kamene kamakhala bwino m'chiberekero. Nzeru ziwirizi zitaphatikizidwa kunabadwa lupu ya mkuwa imene zipatala zambiri zimapereka lero. Mbiri ya lupu inaipitsidwa ndi mtundu wina wotchedwa Dalkon Shield, umene unagulitsidwa ku America pakati pa 1971 ndi 1974, pakuti kachingwe kake kankakweza tizilombo kulowa m'chiberekero, amayi ambiri anadwala koopsa, ena anamwalira, ndipo kampani ya A. H. Robins inagwa mu 1985 chifukwa cha kuchuluka kwa milandu. Mantha amene anabadwa pamenepo anachititsa kuti kwa zaka zambiri madokotala azikana kuika lupu mwa atsikana ndi mwa amayi amene sanaberekepo.

Mtundu umene ukutikhudza pano ndi wa mahomoni, umene unapangidwa motsogozedwa ndi Tapani Luukkainen wa ku Finland ndipo unayamba kugulitsidwa m'dzikolo mu 1990. Lupu imeneyi ilibe mkuwa, koma pathunthu pake pali kankhokwe kosunga mamiligalamu 52 a mankhwala a levonorgestrel, amene amatuluka pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku m'kati mwenimweni mwa chiberekero. Mankhwalawa amalimbitsa chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti umuna usadutse, ndiponso amapyapyalitsa khungu la m'kati mwa chiberekero, lomwe ndi limene limayoyoka ndi kutuluka ngati magazi a msambo. Apa ndiye pali kusiyana kwakukulu ndi lupu ya mkuwa, imene kawirikawiri imawonjezera magazi ndi kupweteka kwa m'mimba, makamaka m'miyezi yoyambirira. Mwa amayi amene amataya magazi ambiri, lupu ya mahomoni imachepetsa magaziwo ndi magawo ofika 90 pa 100 alionse, ndipo mayi mmodzi mwa asanu amasiyiratu kusamba chikamatha chaka choyamba. Pa ntchito yolera, mitundu yonse iwiri imalephera mwa amayi osafika mmodzi pa 100 alionse pachaka. Boma la America linavomereza Mirena mu 2000, linailolanso ngati mankhwala a msambo wochuluka mu 2009, ndipo mu 2022 linatalikitsa nthawi yake yolerera kufika zaka 8.

N'zosavuta kuona chifukwa chake madokotala osamalira atsikana a ulumali anaikonda njirayi. Mapiritsi amafuna munthu wokumbukira tsiku lililonse, ndipo amene ali ndi homoni ya estrogen amawonjezera chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha, zomwe zimadetsa nkhawa mwa mtsikana amene amakhala pa njinga tsiku lonse. Jakisoni wa Depo amaletsa msambo mwa ambiri, koma amachepetsa kulimba kwa mafupa ndipo ena amanenepa naye, pamene mafupa a munthu wosayenda amakhala ofooka kale ndipo omunyamula amamva kulemera kulikonse kowonjezereka. Palinso nkhani ya khunyu, matenda amene amapezeka kwambiri pakati pa anthu a ulumali wa ubongo. Mankhwala akale a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbital amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mahomoni, motero amafooketsa mapiritsi olerera ndi kachipangizo ka pamkono, koma lupu saifooketsa chifukwa imagwira ntchito pamalo pomwe yaikidwapo.

Kafukufuku wochitidwa mwa atsikana a ulumali eniakewo anachedwa kubwera, ndipo wambiri ndi woŵerenga mafayilo a odwala amene anathandizidwa kale. Wina wamkulu mwa ameneŵa anachitikira pachipatala cha ana cha ku Cincinnati ndipo anasindikizidwa mu 2020 m'magazini ya Pediatrics ndi Beth Schwartz ndi anzake. Iwo anatsata malupu 185 amene anaikidwa mwa atsikana 159 a zaka zosapitirira 22, ndipo anapeza kuti 95 pa 100 alionse anali akadali ndi lupu patatha chaka, kuti pafupifupi 60 pa 100 alionse sankasambanso, ndiponso kuti mavuto aakulu anali ochepa. Zotsatirazi n'zolimbikitsa ndithu, koma mu lipoti lomwelo muli chiwerengero china chofunika kuchiyang'anitsitsa: malupu 96 pa 100 alionse anaikidwa m'chipinda cha opaleshoni. Kwa mayi wina aliyense kuika lupu ndi ntchito ya mphindi zochepa pabedi la kusikelo, koma kwa atsikanaŵa kawirikawiri kumafuna mankhwala ogonetsa, amene ali ndi zoopsa zakezake ndipo amafunikanso nthawi yosintha lupuyo ikakwana. Chinanso n'chakuti kupitiriza kukhala ndi lupu ndi umboni wa kukhutira pokhapokha ngati mwini wakeyo angathe kupempha kuti ichotsedwe. Mtsikana amene salankhula, kapena amene sanauzidwe kuti m'thupi mwake muli kanthu, sangapemphe zimenezo, ndipo 95 uja akhoza kukhala akuyeza kukhutira kwa makolo ndi madokotala koposa kwa mtsikanayo.

Mbali ya aphunzitsi inayambira pa mfundo imene lero ikumveka yachidziŵikire, koma m'mbuyomu inali yotsutsidwa, yakuti munthu wa ulumali waukulu wa ubongo amaphunzira ngati mphunzitsi wapeza njira. Édouard Séguin analimbikira mfundoyi ku France ndi ku America m'zaka za m'ma 1800, koma umboni woyezeka unabwera m'zaka za m'ma 1970. Nathan Azrin ndi Richard Foxx anasonyeza mu 1971 kuti akuluakulu amene anakhala zaka zambiri akudziipitsira m'malo osungirako anthu akhoza kuphunzira kupita kuchimbudzi m'masiku ochepa. Marc Gold, mu 1972, anaphunzitsa achinyamata a ulumali wa ubongo kumanga mabuleki a njinga okhala ndi tizitsulo 15, ndipo pambuyo pake 24, ntchito imene anthu ambiri opanda ulumali sangaichite popanda kuonetsedwa. Chinsinsi cha Gold chinali kuphwanya ntchito m'timagawo ting'onoting'ono ndi kuphunzitsa kagawo kalikonse payekha, ndipo wophunzira akalephera, iye ankati cholakwika chili pa njira yophunzitsira, choncho mphunzitsi ayese ina.

Tiyeni tione mmene njirayi imagwirira ntchito pa kusintha padi. Mayi amene wakhala akusamba kwa zaka zambiri amaiona ngati ntchito imodzi, koma mphunzitsi akaiphwanya imatuluka masitepe ambirimbiri. Mtsikana ayenera kuzindikira kuti nthawi yosintha yakwana, kutenga padi yatsopano m'chikwama, kulowa m'chimbudzi ndi kutseka chitseko, kutsitsa chovala cham'kati ndi kukhala pansi, kumatula padi yakale ndi kuikulunga, kudzipukuta kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo, kuchotsa kapepala kophimba zomatira, kumata padi yatsopano pakati penipeni mbali yomatira itayang'ana kuchovala, kuvala, kutaya yakale pamalo oyenera ndi kusamba m'manja. Sitepe iliyonse ili ndi pogwera pake, ndipo ambiri amakodwa pa kutembenuza padi kuti zomatira zisayang'ane kuthupi. Mphunzitsi angayambire pa sitepe yoyamba n'kumawonjezera zotsatira, kapena angachite masitepe onse iye mwini n'kusiyira mtsikanayo yomaliza yokha, kenako ziwiri zomaliza, kuti nthawi zonse wophunzirayo azimaliza yekha ndi kuyamikiridwa. Thandizo nalo limaperekedwa mwa muyezo: choyamba mphunzitsi amadikira masekondi angapo osanena kanthu, kenako amakumbutsa ndi mawu, zikakanika amaloza kapena kuonetsa, ndipo kugwira dzanja kumabwera pomalizira. Kudikira kuja n'kovuta kwa kholo lachikondi kuposa china chilichonse, chifukwa dzanja limathamangira kuthandiza, koma mwana amene amathandizidwa asanayese amaphunzira kudikira thandizo m'malo mophunzira ntchitoyo.

Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi wa Gina Richman ndi anzake, wosindikizidwa mu 1984 mu Journal of Applied Behavior Analysis. Iwo anaphunzitsa amayi 5, ena a ulumali wochepa ena waukulu, kusintha chovala cham'kati chothimbirira, kusintha padi, ndi kusintha zonse ziwiri pamodzi, ndipo amayiwo anapitiriza kuchita zimenezi pa msambo weniweni mpaka miyezi 5 maphunziro atatha. Mu 1990, Susan Epps, Robin Stern ndi Robert Horner anafunsa funso limene limavutitsa mphunzitsi aliyense woganizira za ulemu wa wophunzira wake: kodi n'kokwanira kuphunzitsira pa chidole, kuti pasakhale kuvulana? Anapeza kuti luso lophunziridwa pa chidole silinkasamukira bwino pathupi la mwini wake, ndipo amayiwo ankachita bwino ataphunzira pa iwo eni. Ichi ndi chimodzi mwa zinthu zodziŵika bwino m'maphunziro apadera, chakuti wophunzira wa ulumali waukulu saganiza yekha kuti zimene wachita m'kalasi zikugwiranso ntchito m'chimbudzi cha kunyumba, kapena kuti padi ya mtundu wina imamatidwa mofanana. Choncho mphunzitsi amasintha dala zitsanzo, malo, mitundu ya zovala ndi kukula kwa banga lofiira limene amapaka ndi utoto wa zakudya. Kafukufuku wa pambuyo pake wawonjezera nthano zazifupi zazithunzi ndi mavidiyo oonetsa masitepe, makamaka kwa atsikana a autism, vuto la ubongo limene limakhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu ena, ndipo zotsatira zake zakhala zofanana ndi zakalezo.

Woŵerenga wozoloŵera kafukufuku wa zachipatala adzadabwa ndi kuchepa kwa anthu, pakuti amayi 5 n'chiyani poyerekeza ndi amayi 7,829 a ku Eswatini, Kenya, South Africa ndi Zambia amene analoŵa m'kafukufuku wa ECHO, woyerekeza lupu ya mkuwa, Depo ndi kachipangizo ka pamkono, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Koma kuchepaku sikutanthauza kusasamala. Ophunzira a ulumali waukulu ndi ochepa ndipo amasiyana kwambiri wina ndi mnzake, motero ofufuza amayerekeza munthu ndi iye mwini. Amayeza luso la ophunzira onse kangapo asanaphunzitsidwe, kenako amayamba kuphunzitsa woyamba yekha ena akuyezedwabe, patapita masiku amayamba wachiŵiri, kenako wachitatu. Ngati luso la aliyense likukwera pa nthawi yokhayo imene wayamba kuphunzitsidwa, n'kovuta kunena kuti zangochitika mwangozi kapena chifukwa cha kukula. Mu 2005, Horner ndi anzake anapereka muyezo woti njira yophunzitsira ivomerezedwe kuti ili ndi umboni: pakhale kafukufuku wabwino wosachepera 5, wochitidwa ndi magulu atatu osiyana m'malo osiyana, wokhudza anthu osachepera 20. Chofooka chenicheni cha kafukufuku wa msambo chili penapake. Wambiri anachitikira m'mayiko olemera, kumene kuli mapadi otayika, madzi a m'mipope ndi mphunzitsi mmodzi pa wophunzira mmodzi, ndipo ophunzirawo amatsatidwa kwa miyezi yochepa chabe pamene msambo umatenga zaka zoposa 30.

N'chifukwa chake ntchito imene inachitika ku Nepal mu 2018 ili yofunika ngakhale inali yaing'ono. Jane Wilbur wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, mogwirizana ndi bungwe la WaterAid, anayesa pulogalamu yotchedwa Bishesta m'boma la Kavrepalanchok, imene inkaphunzitsa atsikana a ulumali wa ubongo pamodzi ndi owasamalira. Ankagwiritsa ntchito chidole chachikulu, nthano zazithunzi, kachikwama kosungira zofunika pa msambo ndi kabini kotayiramo, ndipo ankaphunzitsanso mtsikana kusonyeza pamene akumva kupweteka. Mfundo yomalizayi ndi yaikulu, chifukwa zimene makolo amadandaula kuti mwana amavuta akamasamba, monga kudzimenya, kukana kudya kapena kuvula padi pagulu, nthawi zina zimachokera ku ululu umene palibe amene waupatsira mankhwala.

Tikaika mbali ziŵirizi pamodzi, sikelo imapendekera kwa dokotala, ndipo zifukwa zake si za sayansi zokha. Lupu ili ndi kampani yoigulitsa ndi ndalama zoifufuzira, imaikidwa tsiku limodzi, ndipo zotsatira zake zimaŵerengeka mosavuta, pamene kuphunzitsa kumafuna miyezi ya kuleza mtima ndipo palibe amene amalemera nako. Kholo lotopa likapatsidwa zosankha ziŵirizi, n'zomveka kuti lisankhe yachangu, ndipo sitiyenera kulinyoza, pakuti kusamalira mwana wamkulu amene amapaka magazi pakhoma kapena amakomoka ndi khunyu nthawi ya msambo si nkhani yoti wapatali aziiweruza. Koma kuganiza kuti lupu ingaloŵe m'malo mwa maphunziro n'kulakwitsa ngakhale pa mfundo za chipatala zenizenizo. M'miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyambirira, lupu ya mahomoni imachititsa magazi odontha pang'onopang'ono mosatsata kalendala, zomwe zimavuta kwambiri mtsikana wodalira ndondomeko yokhazikika, ndipo ngakhale ku Cincinnati kuja atsikana pafupifupi 40 pa 100 alionse ankaonabe magazi. Lupu imathanso kutuluka yokha mwa amayi pafupifupi mmodzi pa 20 alionse, ndipo pa kuika 1,000 kulikonse kamodzi kapena kaŵiri imaboola chiberekero, choncho pafunika munthu wodziŵa kunena kuti m'mimba mukupweteka mosiyana ndi masiku onse. Mabungwe a madokotala a ana ndi a amayi a ku America, m'malangizo awo a 2016, ananena kuti msambo usaletsedwe mtsikana asanayambe kusamba, kuti pakhale mpata woona mmene thupi lake likuyendera ndi mmene iye akupiririra, pakuti makolo ambiri amachita mantha pasadakhale ndi zinthu zimene mwana wawo amadzazikwanitsa.

Pa nkhani ya nkhanza, malire a lupu amaonekera kwambiri. Kafukufuku wophatikiza zotsatira za m'mayiko angapo amene anatuluka mu The Lancet mu 2012 anapeza kuti ana a ulumali amachitidwa nkhanza kuŵirikiza katatu kapena kanayi poyerekeza ndi anzawo, ndipo chiopsezo cha kugwiriridwa n'chachikulu koposa mwa ana a ulumali wa ubongo. Makolo ambiri amapempha njira yolera chifukwa cha mantha ameneŵa. Koma lupu imaletsa pathupi pokha. Siletsa wogwirira, siteteza ku HIV kapena ku matenda ena opatsirana pogonana, ndipo ingathe kubisa chizindikiro chimene chikanaulula zimene zikuchitika. Chimene chimachepetsa chiopsezo ndi kuyang'anira bwino anthu amene amakhala ndi mwanayo, pamodzi ndi kumuphunzitsa mayina enieni a ziŵalo zake, kusiyana kwa kugwira kothandiza ndi kugwira koipa, ndi munthu woti amuuze. Mtsikana amene amadzisintha yekha padi amachepetsanso chiwerengero cha anthu amene ali ndi chifukwa chomuvula.

Kunena kuti lupu imachotseka sikuthetsa funso la chilolezo, ndipo umboni wake uli ku Greenland, chilumba cha mu ufumu wa Denmark. Pakati pa 1966 ndi 1970, madokotala a boma la Denmark anaika malupu pafupifupi 4,500 mwa amayi ndi atsikana a mtundu wa Inuit, ena a zaka 12 zokha, ambiri osafunsidwa ndiponso makolo awo osadziŵitsidwa, ndipo nduna yaikulu ya Denmark Mette Frederiksen inapepesa mu 2025. Atsikanawo sanali a ulumali, koma nkhani yawo ikusonyeza kuti njira yosatseka mpaka kalekale nayonso ingakhale chida chopondereza ngati mwini thupi sanamve ndi kuvomera. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali, lovomerezedwa mu 2006, limanena mu ndime 23 kuti anthu a ulumali, kuphatikizapo ana, asunge mphamvu yawo yobereka mofanana ndi ena, ndipo mu ndime 12 limafuna kuti munthu athandizidwe kupanga chisankho chake m'malo momupangira.

Apa m'pamene ntchito ya mphunzitsi imaloŵa m'chipinda cha dokotala. Carol Sigelman ndi anzake anasonyeza mu 1981 kuti anthu ambiri a ulumali wa ubongo amayankha kuti inde pa funso lililonse lofuna inde kapena ayi, ngakhale mafunso aŵiri otsutsana, motero namwino amene wafunsa kuti "Mwamva? Mukuvomera?" n'kulandira inde sanapeze chilolezo chenicheni. Njira yodalirika ndi kupereka zosankha ziŵiri zooneka ndi maso, kusintha dongosolo lake, kumulola munthuyo kugwira lupu yachitsanzo ndi chifanizo cha chiberekero, ndi kumupempha kuti afotokoze m'mawu akeake pa masiku osiyana. Michelle McCarthy wa ku Tizard Centre ku England atacheza ndi amayi 23 a ulumali wa ubongo, anapeza kuti ambiri sankadziŵa mmene njira yawo yolera imagwirira ntchito ndipo ankaona kuti anawasankhira ndi anthu ena. Koma kusadziŵaku sikokhazikika, pakuti ku Ireland, Eileen Dukes ndi Brian McGuire anafalitsa mu 2009 zotsatira za maphunziro a munthu payekhapayekha operekedwa kwa akuluakulu 4 a ulumali wapakatikati, ndipo onse anayi anawonjezera luso lawo lopanga zisankho pa nkhani za kugonana. Tanthauzo lake n'lakuti dokotala amene wayeza munthu wosaphunzitsidwapo n'kulemba kuti sangathe kusankha, mwina wangoyeza zimene sukulu ndi banja sizinachite.

Khoti la ku England loteteza anthu osatha kudzisankhira linaika muyezo wothandiza mu 2010, pa mlandu wa mayi wotchulidwa kuti Mrs A. Woweruza Bodey anati chofunika n'chakuti munthu amvetse cholinga cha kulera, njira zimene zilipo ndi kagwiritsidwe kake, ubwino ndi kuipa kwa iliyonse, zovuta zimene zingabwere, kuphweka kosintha njira, ndi kudalirika kwake, ndipo anakana kuti mayiyo ayesedwenso ngati akudziŵa kulera mwana, pakuti amayi ena onse safunsidwa zimenezo. Ngakhale anapeza kuti pa nthawiyo mayiyo sankatha kusankha momasuka chifukwa cha mphamvu ya mwamuna wake pa iye, woweruzayo anakana kulamula kuti apatsidwe njira yolera mokakamiza. Mfundo zonse za mu muyezowu n'zophunzitsika, ndipo zingaphwanyidwe m'timagawo monga mmene kusintha padi kumaphwanyidwira.

Malawi inavomereza pangano la United Nations lija mu 2009, choncho mafunso ameneŵa ndi athunso, ngakhale zipangizo zathu n'zosiyana ndi za ku Cincinnati. Lupu imene yakhala ikupezeka kwambiri m'zipatala za kuno ndi ya mkuwa, yomwe imalera bwino koma sichepetsa msambo, ndipo kholo limene lamva kuti lupu imaletsa kusamba liyenera kufunsa kuti ndi mtundu uti umene ukunenedwa. Ya mahomoni yayamba kufika m'mayiko a mu Africa pamtengo wotsika kuyambira pamene mabungwe a USAID ndi UNFPA anaiika pa mndandanda wa zinthu zogula mu 2021, koma mankhwala ogonetsa ndi chipinda cha opaleshoni sizipezeka pachipatala chaching'ono. Phenobarbital ndi carbamazepine ndi ena mwa mankhwala a khunyu operekedwa kwambiri kuno, motero mtsikana wakhunyu amene wapatsidwa mapiritsi kapena kachipangizo ka pamkono akhoza kukhala wosatetezeka mmene banja lake likuganizira. Kumbali ya maphunziro, aphunzitsi apadera amene amaphunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu ndi ochepa poyerekeza ndi ana ofuna thandizo lawo, ndipo malangizo a msambo amaperekedwa kwambiri ndi amayi, azakhali ndi anankungwi, nthawi zambiri kamodzi kokha, m'mawu ophiphiritsa, mtsikana atayamba kale kusamba. Kwa mtsikana wa ulumali wa ubongo, kafukufuku akuloza kwina: maphunziro ayambe asanathe msinkhu, mawu akhale achindunji, masitepe alembedwe molingana ndi nyanda yochapa kapena padi imene adzagwiritsedi ntchito, ndipo kuyeserera kuchitikire m'bafa ndi m'chimbudzi cha kwawo, mobwerezabwereza, pamaso pa mayi mmodzi amene iye amamukhulupirira.